Zagori: Greece Wa Kumapiri, ndi Bodza Lomwe Landitopetsa la Chigwa cha Vikos

[Kamera ikuyang'ana pansi kuchokera pamwamba pa thanthwe. Mphepo ikumveka.]

Musasunthe chala, taonani kaye apa. Zobiriwira mukuziona pansizo si udzu ayi, ndi mitengo, italiitali. Kuchokera pomwe ndaima pano kukafika pansi ndi mtunda wotsala pang'ono kukwana kilomita. Ndipo kuno ndi ku Greece. Eya, Greece yemweyo amakuonetsani tinyumba toyera ndi nyanja yabuluu uja. Kuno kulibe mchenga, kulibe ovina pagombe. Kuli miyala, nkhosa ndi zimbalangondo.

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Lero tili ku Zagori. Pali chinthu chimodzi chomwe pafupifupi vidiyo iliyonse imanama za malo ano, ndipo ndichiphwanya bwinobwino, ndiye musachoke. Amene mwabwera koyamba, batani la subscribe lili pansipo, ndi laulere, silidya bandulo. Tiyeni.

Choyamba, kuli kuti? Mwachangu. Kumpoto chakumadzulo kwa Greece, m'chigawo cha Epirus, kufupi ndi malire a Albania, m'mapiri a Pindus. Midzi 46 ya nyumba zamiyala. Mzinda waukulu wapafupi ndi Ioannina. Dzina loti Zagori linachokera ku chilankhulo cha Asilavo, limatanthauza “kuseri kwa phiri”. Mu 2023 UNESCO inaika deralo pamndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse. Basi.

Chachiwiri, kafikidwe. Viza ya Schengen, ija yolowera maiko ambiri a ku Ulaya, ndalama ndi mayuro. Za viza ndinapanga vidiyo yakeyake, linki ili pansi, chonde musandifunsenso m'makomenti. Kuchokera ku Athens ndege imatenga pafupifupi ola limodzi kukatera ku Ioannina, apo ayi kwerani basi. Mukafika pezani galimoto ya hayala, chifukwa mabasi opita m'midzimu ndi osowa. Amayendetsa kumanja, kumbukirani zimenezo pa kona iliyonse, ndipo makona ake ndi osawerengeka.

Chachitatu. Apa ndiye khalani pansi.

[Kamera pankhope.]

Chigwa chomwe mwaona poyamba chija ndi Vikos. Lowani pa TikTok pompano, lembani dzinalo. Mumva chiyani? “Chigwa chozama kwambiri padziko lonse lapansi.” Wina mpaka amati Grand Canyon ya ku America ndi mwana. Ndamva zimenezi kwa anthu oti ali ndi owatsatira ochuluka kuposa ine kakhumi, ndipo zimandiwawa mumtima.

Si zoona.

Tiwerengere limodzi. Vikos, pamalo pomwe anthu amakonda kutchula, ndi yozama mamita 900. Grand Canyon imapitirira mamita 1,800. Kawiri! Ku Peru kuli chigwa cha Colca, choposa mamita 3,000. Ku Tibet kuli Yarlung Tsangpo, kumeneko ndiye tisayerekeze n'komwe, ndi mamita oposa 5,000. Ndiye Vikos yakhala bwanji nambala wani?

Nkhani yake ndi iyi. Buku la Guinness, lija lolemba zinthu zoposa zinzake padziko lonse, linailembadi Vikos, zimenezo sindikukana. Koma linailemba ngati chigwa chozama kwambiri poyerekeza ndi kutambalala kwake. Mawu anayi omalizawo ndi amene anthu amameza. Kuya mamita 900, pomwe kuchokera mphepete ino kukafika mphepete inayo ndi mamita 1,100 okha. Grand Canyon pena imatambalala makilomita 29.

[Akuonetsa mtondo ndi beseni lalikulu lochapira patebulo.]

Ndabwereka izi kwa alamu anga, andikhululukire. Ili ndi beseni, uwu ndi mtondo. Tiyerekeze kuti beseni ili ndi lalikulu zedi, lozama kuposa mtondo. Mukathira madzi, lozama ndi liti? Beseni. Koma mukasuzumira, chomwe chimakupatsani chizungulire ndi chiti? Mtondo, chifukwa kukamwa n'kochepa, makoma ali njo, pansi pali mdima. Vikos ndi mtondo. Grand Canyon ndi beseni. Mtondo sunaposepo beseni kuya, wangoliposa kupanikizana.

Ndipo ngakhale mbiri ya “poyerekeza” imeneyo ilipo anthu amaitsutsa. Amati, nanga ming'alu ya m'matanthwe ija yoti mutha kukhudza makoma onse awiri ndi manja, koma yozama mamita makumimakumi? Mukachita masamu omwewo, imeneyo ndiye ikuposa. Ndiye zimatengera kuti mwagwirizana kuti chigwa ndi chiyani. Mwaona? Chinthu chofuna kufotokoza mphindi zitatu wina akuchinena m'masekondi anayi ndi nyimbo kumbuyo.

Chomwe chimandinyansa ine n'choti malowa safuna bodza. Pitani ku Oxya, pamwamba pa mudzi wa Monodendri. Mumasiya galimoto, kuyenda pang'ono, kenaka nthaka imangotha. Khoma la tsidya lina lili pafupi moti mumaona mizere ya mwala uliwonse, wosanjikizana ngati mabuku. Mawondo anga ananjenjemera, ndipo kamera iyi ndinaigwira ndi manja awiri. Palibe amene amaima pamenepo n'kufunsa kuti “kodi ndi nambala wani?”

Ndili pomwepa pa manambala, inu a ku Mulanje ndi Phalombe imvani izi. Phiri lalitali kwambiri ku Greece ndi Olympus, lija Agiriki akale ankati kumakhala milungu yawo, mamita 2,918. Lachiwiri ndi Smolikas, lili kufupi ndi kuno, mamita 2,637. Sapitwa? Mamita 3,002. Zeus, mfumu ya milunguyo, akanafuna malo okwera akanabwera kwathu. Lembani “Sapitwa” m'makomenti ndione kuti tilipo angati.

Chabwino, mtima watsika. Chachinayi, milatho.

Funso lomwe linandivuta tsiku loyamba ndi ili. Dera la miyala yokhayokha, malo olima ochepa, chisanu chambiri. Nanga nyumba zazikulu zosanjikizanazi, masukulu, matchalitchi, ndalama zake zinkachoka kuti? Yankho lake aliyense amene agogo ake anapita ku Joni kapena ku Salisbury alimvetsa msanga. Amuna ankachoka. Nthawi ya ulamuliro wa Ottoman, ufumu wa anthu a ku Turkey, kuyambira cha m'ma 1430, midzi ya Zagori inapatsidwa ufulu wodzilamulira pa zinthu zambiri, ndipo amuna ake ankapita kukachita malonda ku Constantinople (Istanbul ya lero), ku Romania, ku Russia, n'kumatha zaka. Kumudzi kunkatsala amayi, ana ndi okalamba. Amene zamuyendera ankatumiza ndalama, ndipo ulemu wake unali kumanga chinthu cha mudzi wonse. N'chifukwa chake milatho yambiri kuno imadziwika ndi dzina la amene analipira. Abale awiri a ku Monodendri, Manthos ndi Georgios Rizaris, analemerera ku Russia, ndipo chuma chawo chinatsegula sukulu ku Athens yomwe mpaka lero imatchedwa dzina lawo.

Milatho iwiri yoti musaiphonye ili kufupi ndi mudzi wa Kipi. Wa Kokkori, wa m'chaka cha 1750, uta umodzi wopanikizika pakati pa matanthwe awiri. Ndi wa Plakidas, ena amati Kalogeriko, wa 1814, wa mauta atatu. Mukauonera patali umakhala ngati mbozi ikuyenda. Mukamawoloka yang'anani pansi, miyala anaiika moimika m'mizere kuti bulu wonyamula katundu asaterereke. Zitsulo zogwirira palibe, pali timiyala tating'ono m'mbali basi. Kukagwa mvula yendani ngati mwanyamula mazira.

Chachisanu, makwerero a Vradeto. Masitepe amiyala oposa 1,000, okhotakhota pathanthwe, pakati pa Kapesovo ndi Vradeto. Mpaka m'ma 1970 msewu wagalimoto kunalibe, njira inali imeneyi. Ufa, mchere, odwala, zonse zinkadutsa pamenepa. Mukafika pamwamba yendaninso theka la ola mukafike ku Beloi, malo ena oonera chigwa cha Vikos. Ine ndimati pa Beloi ndi pabwino kuposa pa Oxya, titsutsane m'makomenti.

Mwa njira, jekete ndavalali ndi lomwe lija ndinakuuzani mu vidiyo ya zovala za kozizira. Ikubwera pakona apa. Musabwere kuno ndi juzi ya pa kaunjika yopyapyala n'kumati ndi Greece kumatentha.

Chachisanu ndi chimodzi... kapena tafika pachisanu ndi chiwiri? Zilibe kanthu. Oyenda pansi.

Njira yotchuka ndi yotsikira m'chigwa momwemo, kuyambira ku Monodendri kukatulukira ku mudzi wa Vikos. Ndi makilomita pafupifupi 12, koma werengerani maola 6 kapena 7, chifukwa kutsika ndi kukwera kwake n'kosaseweretsa. Konzeranitu wokakutengani mbali inayo. Chakumapeto muona mtsinje wa Voidomatis ukutumphuka pansi pa miyala. Madzi oyera mbee, mumawerenga timiyala tapansi. Ndinaviikamo phazi mwezi wa July, ndinalitulutsa lisakumva kanthu.

Amphamvu, yambirani ku Mikro Papingo, kwerani mpaka pa nyumba yogona okwera mapiri ya Astraka, kenaka mukafike ku Drakolimni, kanyanja ka pamwamba pa phiri la Tymfi, pamtunda wa mamita oposa 2,000. Dzinalo ndi “nyanja ya chinjoka”. Nthano yake imati chinjoka cha kuno ndi chinzake cha ku Smolikas zinkadana, zinkagendana ndi miyala ndi mitengo. Ndinasuzumira m'madzimo kufuna chinjokacho. Ndinapeza tinyama tonga abuluzi a m'madzi, totalika ngati chala, tofiirira kumimba, tikungoyandama. Musatigwire.

Chenjezo, ndipo apa sindikuseka. Zimbalangondo zilipodi koma zimathawa anthu. Choopsa ndi agalu a abusa. Ndikutsika ndinakumana ndi gulu la nkhosa, ndisanaganize n'komwe agalu atatu aakulu ngati ana a ng'ombe anandizungulira. Musathawe. Musatole mwala ngati kwathu. Imani, lankhulani motsitsa, dikirani m'busa, ndipo nkhosa muzizilambalala patali. Ine ndinaima pamenepo mphindi zomwe zinakhala ngati chaka, bambo wachikulire n'kutulukira, kuimba likhweru kamodzi, agalu onse phee.

Chinanso chomwe ndinakonda: zaka za m'ma 1700 ndi 1800 dera lino linkatchuka ndi asing'anga a zitsamba, ankawatcha madokotala a ku Vikos. Ankathyola mankhwala m'chigwamu n'kumayenda nawo maiko a ku Balkan. Chigwachi tsopano chili m'malo otetezedwa a Vikos-Aoos omwe anakhazikitsidwa mu 1973, ndiye musazule kanthu.

Zakudya, mwachidule. Pabwalo la mudzi uliwonse pali mtengo waukulu wa platanos, ngati kachere wa kwa amfumu, pansi pake pali matebulo. Itanitsani alevropita, chigumu chopyapyala cha ufa wa tirigu ndi tchizi cha feta, chotentha. Akakupatsani tsipouro m'kagalasi kakang'ono musanyozere, ndi kachasu wa mphesa.

Tsiku lomaliza lisiyireni Ioannina. Kwerani boti pa nyanja ya Pamvotis mupite pa kachilumba pomwe Ali Pasha, wolamulira woopsa wa dera lino, anaphedwa mu 1822. Mzindawu unalowa m'dziko la Greece mu 1913. Kunja kwake pang'ono kuli Dodoni, komwe Agiriki akale ankapita kukaombeza, ansembe n'kumamasulira phokoso la masamba a mtengo wopatulika wa Zeus. Imeneyo ndi vidiyo ya sabata yamawa, dinani kabelu kuti isakupiteni.

Nthawi yabwino yobwera ndi May, June, September ndi October. Ndipo mukaona wina walemba kuti Vikos ndi chigwa chozama kwambiri padziko lonse, mutumizireni linki iyi, muyambire pomwe pali mtondo paja. Alamu, ndikubweza mawa.