Great Zimbabwe pa masiku awiri kudzera pa Beitbridge, ndi bodza la Mfumukazi ya ku Sheba

Khoma mukulionali ndi lalitali mamita 11. Mulibe simenti, mulibe matope, mulibe chilichonse chomatira. Ndi miyala yokhayokha yosanjikizana, ndipo yakhala chiimire kwa zaka zoposa 600. Takulandirani nonse abale anga, akalekale ndi atsopano omwe. Lero tikukamba za ulendo wa masiku awiri, wogona usiku umodzi, wochokera ku South Africa kuwoloka mtsinje wa Limpopo mpaka ku mabwinja a Great Zimbabwe, pamodzi ndi munthu wotsogolera alendo. Musathawe msanga, chifukwa chapakati pa vidiyoyi pali bodza lina limene ndikalimva mutu umanditentha, ndipo lero ndithana nalo.

Mwachidule kaye. Great Zimbabwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu mzinda wa Masvingo, pafupi ndi nyanja ya Mutirikwi. Unali mzinda wa makolo a Ashona, ndipo unatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1300. Pofika cha m'ma 1450 mphamvu zake zinali zitayamba kutha. Malowa ali ndi zigawo zitatu: za pamwamba pa phiri, linga lalikulu limene amalitcha Great Enclosure, ndi mabwinja a m'chigwa. Bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 1986. Dziko la Zimbabwe linatenga dzina lake pompano pamene linalandira ufulu mu 1980. Basi, zoyambirira zatha. Tiyeni pa ndondomeko.

Choyamba, mapepala. Pasipoti ikhale ndi masamba opanda kanthu ndiponso isakhale yotsala pang'ono kutha. Nzika za maiko ambiri a SADC sizifunika viza pa ulendo waufupi chotere, koma funsani za pasipoti yanu inuyo, musadalire za mnzanu. Ndipo ngati ku South Africa muli ngati mlendo, werengani masiku amene anakudindirani, chifukwa mawa lake mudzafunika kulowanso. Mukatenga ana, tengani zikalata zawo zakubadwa.

Chachiwiri, chipata cha Beitbridge. Ichi ndi chimodzi mwa zipata zotanganidwa kwambiri kum'mwera kwa Africa, ndipo chimagwira ntchito usana ndi usiku. Mbali ya Zimbabwe anamaliza kuikonzanso mu 2022, moti malole, mabasi ndi magalimoto ang'onoang'ono ali ndi malo awoawo. Komabe mzere ndi mzere. Mukafika nthawi imodzi ndi mabasi angapo, muima mpaka miyendo itatupa. N'chifukwa chake otsogolera odziwa ntchito amanyamuka ku Musina, tauni ya ku South Africa yoyandikana ndi chipatachi, kusanache. Apa ndi pamene ndalama yanu yolipira wotsogolera imaonekera: mapepala olowetsera galimoto, inshulansi, misonkho ya msewu, zonsezo ndi mutu wake, inu mungodinditsa pasipoti. Munthu wina akakuyandikirani kuti akudumphitsani mzere mukamupatsa kangachepe, muuzeni alankhule ndi wotsogolera wanu. Muona akubwerera yekha. Ndipo pa Khirisimasi kapena Pasaka, chonde, ulendowu ingousiyani.

Chachitatu, msewu ndi ndalama. Kuchokera pa chipata kufika ku Masvingo ndi makilomita pafupifupi 290. Tengani madola a ku America, timapepala ting'onoting'ono, chifukwa chenji ndi nkhani yovuta. Dzikoli lili ndi ndalama yakeyake, ZiG, imene inayamba mu 2024, koma mlendo wa usiku umodzi madola amukwanira. Polowa pa mabwinja pamalipidwa, ndipo alendo akunja amalipira zambiri kuposa eni dziko. Funsiranitu ngati zimenezi zili kale mu mtengo wa ulendo.

Tisanapitirire, ngati mukupindula dinani kabatani ka like apo, ndipo amene simunapange subscribe, mukudikira chiyani? Ndi zaulere. Dinaninso kabelu kuti vidiyo ikatuluka muzidziwa.

Chachinayi, n'chifukwa chiyani kugona? Ena amafuna kupita n'kubwerera tsiku lomwelo. Mudzafika masana dzuwa likuswa mtengo, mudzathamanga ola limodzi, mudzajambula zithunzi ziwiri, n'kukwera galimoto. Kumeneko ndi kutaya ndalama. Mukagona, tsiku loyamba madzulo mumalowa mu linga lalikulu lija dzuwa litapendeka. Khoma lake lakunja likuzungulira mamita pafupifupi 250, ndipo m'malo ena kunenepa kwake ndi mamita asanu. Mulibe ngodya, zonse n'zokhota. Muli kanjira kopanikiza pakati pa makoma awiri, kokwana munthu mmodzi, kotalika mamita oposa 50. Mukatambasula manja mumagwira mbali zonse ziwiri, miyala ili zii ngakhale kunja kukutentha, ndipo kumwamba mumangoona kamzere ka thambo. Mukatuluka mumangoti maso pa nsanja yozungulira yamiyala, yotalika mamita pafupifupi 10, imene akatswiri ambiri amati ikuimira nkhokwe, chizindikiro cha mfumu yodyetsa anthu ake. Yang'ananinso pansi pa khoma, muona timabowo totulutsira madzi a mvula. Mmawa mwake, chipata chikangotsegulidwa, mumakwera phiri kusanatenthe. Pali njira yakale, yotsetsereka, yodutsa pakati pa matanthwe, ndiye palinso ina yofatsa ya amene mawondo amawavuta. Valani nsapato zogwira bwino, makamaka nyengo ya mvula pamene thanthwe limaterera. Chakudya musachionetse, apusi a pamenepo alibe manyazi.

Chachisanu, sankhani bwino wokutsogolerani. Ndiye apa ndikhala pansi, chifukwa tafika pa nkhani ija.

Mpaka lero pali anthu, ena pa intaneti, ena ngakhale onyamula alendo, amene amanena monong'ona kuti palibe akudziwa amene anamanga malowa. Mwina Afoinike, amalonda akale a ku Lebanoni, mwina Aluya, mwina Mfumukazi ya ku Sheba ya m'Baibulo ija. Abale anga, zimadziwika. Zakhala zikudziwika kwa zaka zoposa 100. Ndikuuzeni kumene bodzali linachokera.

Mu 1871 kunafika Mjeremani wina, Karl Mauch, katswiri wa miyala amene ankasakasaka dziko la Ofiri, kumene amati Mfumu Solomo ankatenga golide. Onani bwino: anali atasankha kale yankho asanaone n'komwe khoma. Atafika anapeza anthu akukhala pamalopo, akuchita miyambo yawo pa phiri. Koma iye anati ayi, za pa phirizi ndi chifaniziro cha kachisi wa Solomo, ndipo linga la m'chigwali ndi la Mfumukazi ya ku Sheba. Umboni wake? Mvetserani, musaseke. Anasema kachidutswa ka mtengo wa pamwamba pa khomo, n'kukanunkhiza, n'kuona kuti fungo ndi mtundu wake zikufanana ndi pensulo yake. Pensulo amapanga ndi mkungudza, ndiye kuti mtengowu ndi mkungudza wa ku Lebanoni, ndiye kuti omanga anachokera kumeneko. Pensulo! Mtengo umenewo pambuyo pake unapezeka kuti ndi tamboti, umene umamera m'tchire la komweko.

Bodza la pensulo likanafera pomwepo, koma linapeza mwini ndalama. Mu 1890 kampani ya Cecil Rhodes inalowa m'dzikolo kudzalanda malo ndi migodi. Nkhani yoti kalekale anthu ochokera kutali ankalamulira kuno n'kumakumba golide inawakomera kwambiri, chifukwa inkatanthauza kuti iwo sakulanda kanthu, angobwerera pamalo pa anzawo. Mu 1891 anathandiza Theodore Bent kudzafukula. Bent anapeza mapale a mbiya za komweko, zitsulo za komweko, koma polemba anati omanga anali Afoinike kapena Aluya. Kenako mu 1902 anaika mtolankhani, Richard Hall, kuti aziyang'anira malowa. Uyu ndiye anaononga koopsa. Pofuna kufika pa zimene ankaganiza kuti ndi za anthu akunja, anakumba n'kutaya dothi lonse limene linali ndi zotsalira za anthu akuda, m'malo ena kupitirira mita imodzi kuya kwake. Dothi limenelo ndi limene akatswiri amawerenga kuti adziwe chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Anataya umboni ndi fosholo, ndipo sudzabweranso. Anamuchotsa ntchito mu 1904, madzi atatayika kale.

Mu 1905 kunabwera katswiri weniweni wofukula zakale, David Randall-MacIver. Anakumba mwadongosolo, napeza kuti pansi pa nyumba zadothi za m'kati mwa makoma ndi mbiya zake n'zofanana ndi za anthu a m'deralo, ndipo katundu wochokera kunja si wa nthawi ya Solomo. Ananena poyera kuti omanga anali Aafirika. Atsamunda anakwiya. Mu 1929 bungwe la asayansi la ku Britain linatumiza wina, mayi Gertrude Caton-Thompson, ndi gulu la akatswiri aakazi okhaokha. Mayiyu anakumba mpaka pansi pa nsanja ija, imene osaka chuma ankakhulupirira kuti muli golide. Anapeza kuti ndi miyala yokhayokha kuyambira pansi mpaka pamwamba. Yankho lake linali lomwelo, ndipo analinena pa msonkhano wa akatswiri ku Johannesburg chaka chomwecho. M'zaka za m'ma 1950 kunabwera njira yoyezera zaka za makala ndi mitengo, ya radiocarbon, nayonso inatsimikiza. Solomo anakhalako zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. Makoma awa sanakwanitse n'komwe zaka 1,000. Pakati pakepo pali zaka 2,000 zimene palibe angazilumphe.

Mukuganiza kuti zinathera pamenepo? Ayi ndithu. Boma la azungu la Ian Smith m'dzikomo, limene linadzilengeza lokha kuti ndi lodziimira mu 1965, linkakakamiza kuti timabuku ta alendo tisanene mosabisa kuti anamanga ndi anthu akuda. Peter Garlake, amene anali woyang'anira malo akale m'dzikolo, anakana kusintha zimene umboni unkanena, ndipo mu 1970 anachoka m'dzikomo. Ndiye munthu akamakuuzani lero kuti nkhaniyi ndi chinsinsi, dziwani kuti akubwereza mawu amene boma linalake linkawafuna pa zifukwa zake.

Ndikudziwa, wina walemba kale pansipo kuti nanga mbale za ku China zija? Nanga ndalama ya ku Kilwa, mzinda wakale wamalonda wa kugombe la Tanzania? Zoona, zinapezeka. Anapeza zidutswa za mbale za ku China ndi ku Persia, mikanda yagalasi yambirimbiri, ndi ndalama yachitsulo ya ku Kilwa ya m'zaka za m'ma 1300. Zimenezi zikuonetsa malonda. Golide ndi minyanga ya njovu zinkatsika kupita ku gombe cha ku Sofala, ku Mozambique, n'kukwera ngalawa mpaka ku Kilwa, ndipo nsalu ndi mikanda zinkabwera. Kupeza mbale ya ku China m'nyumba mwanu sikutanthauza kuti nyumbayo anakumangirani ndi Atchaina. Chimene sichinapezekepo ndi ichi: palibe manda a Mfoinike, palibe cholembedwa cha Chifoinike, palibe mphika wawo ngakhale umodzi.

Ndipo umboni umene ine ndimaukonda mukhoza kuuona ndi maso anu. Pa phiri, makoma akale kwambiri ali ndi mizere yokhotakhota, miyala yosiyana kukula. Mukatsikira ku linga lalikulu, mizere ili yowongoka bwino, miyala yosemedwa mofanana, ndipo pamwamba pali kamzere kokongoletsa kokhala ngati mano a sowo. Mukuona anthu akuphunzira luso lawo pamalo pomwepo, m'badwo ndi m'badwo. Miyalayo sinachokere kutali. Matanthwe a m'mapiri ozungulira amasendeka okha m'magawo opyapyala, ndipo omanga ankasonkha moto pamwamba pake kuti asweke msanga. Komanso Great Zimbabwe siili yokha. Pali malo ena a miyala otere oposa 200 m'chigawochi, monga Khami pafupi ndi Bulawayo ndi Manyikeni ku Mozambique, ndipo isanakule panali kale Mapungubwe m'mbali mwa Limpopo. Vidiyo ya Mapungubwe ndi chipembere chake chagolide ili pa tchanelo pano, ulalo ndauika m'munsimu.

Ndiye musanalipire, mufunseni wotsogolerayo funso limodzi: anamanga ndani? Akayamba zoti palibe akudziwa, bwezani chikwama m'thumba. Pamalo penipenipo palinso otsogolera a bungwe la National Museums and Monuments of Zimbabwe, limene limasamalira mabwinjawa. Atengeni, ndipo muwapatse kenakake pomaliza.

Chachisanu ndi chimodzi, mukatsika phiri lowani m'nyumba yosungiramo zinthu zakale muone mbalame zosema pa mwala, zimene chithunzi chake chili pa mbendera ya dzikolo. Zinapezeka zisanu ndi zitatu. Zambiri zinatengedwa kupita kunja n'kudzabwezedwa, chidutswa china chinachokera ku Germany mu 2003, ndipo imodzi inasungidwa kwa zaka zambirimbiri ku nyumba imene inali ya Rhodes ku Cape Town.

Chomaliza, nyamukani dzuwa lisanafike pamutu kuti msewu wa ku Beitbridge muuyende kukuwala, chifukwa usiku ng'ombe ndi abulu zimangodutsa. Ndiuzeni pansipo ngati munamvapo za Mfumukazi ya ku Sheba zija komanso amene anakuuzani, ndikufuna ndidziwe kumene zikufalikira. Sabata yamawa tili ku Khami. Tsalani bwino.