Kutsitsa zithunzi za mu kamera pa kompyuta ya Ubuntu

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo a kuno ku Senga Bay. Amene muli kumbuyoko senderani pafupi kuti muone bwino.

Laputopu ya gulu lathuyi ilibe Windows. Imayendera Ubuntu, mtundu wa Linux umene unatuluka mu 2004, ndipo anauyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Ndi waulere, sitilipira laisensi. Ena mwadandaula kuti CD imene inabwera ndi kamera ikukana. Isiyeni, pano sitiifuna n'komwe.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi ya kakhadi. Zimitsani kamera, tsegulani kachitseko kake, mudinize kakhadi ka SD, katulukira kokha. Koma yambani mwasamba m'manja, chifukwa mchenga wa kunyanja kuno ukalowa m'kabowoko, kamera yavulala. Kakhadiko kalowetseni pambali pa laputopu, kenaka tsegulani Files, pulogalamu yoonetsa mafoda. Mupeza foda yolembedwa DCIM. Makamera pafupifupi onse, kaya Canon kaya Nikon, amasunga zithunzi mmenemo.

Apa ndiye mundimvetsere. Mukasankha zithunzi, dinani Copy, osati Cut. Cut imazichotsa pa kakhadi, ndiye laputopu ikawonongeka mawa, zithunzi za mathandala athu oyanikira usipa, zimene tikufuna kuika mu lipoti, tikazitenga kuti? Mukazikopera, tsegulani zingapo muone ngati zikuoneka bwino. Muzikoperenso pa fulashi. Zikakhala malo awiri, ndi pamene mungafufute za pa kakhadi, ndipo Format, imene imafufuta zonse za pa kakhadi, muzichitira mu kamera momwemo, osati pa kompyuta.

Ya chingwe cha USB iliponso. Kamera iyenera kukhala yoyatsa, batire ili ndi moto wokwanira. Ikapanda kuoneka pa kompyuta, lowani mu menyu ya kamera pamene alemba USB. Makamera ena amakupatsani njira ziwiri zolumikizira ku kompyuta, PTP kapena Mass Storage, yesani inayo. Pulogalamu ya Shotwell imatha kukoka zithunzi n'kuzisanja yokha potsata tsiku limene zinajambulidwa, n'chifukwa chake ndimalimbikira kuti deti ya mu kamera ikhale yolondola.

Musazule kakhadi mwachangu ngati mukuzula chinangwa. Dinani kaye Eject, mudikire kompyuta imalize kulemba.

Mayi apampando, kamera nayi, yambani ndinu. Enanu muziona pamene akudina.