Misika imene imaika mtengo pa gemu isanatuluke

[Pa sikirini: mzere wa mitengo ukukwera ndi kutsika]

Moni nonse owonera. Gemu sinatuluke, palibe amene wayisewerapo, koma ili kale ndi mtengo pamsika. Ena akugula, ena akugulitsa, mtengo ukusinthasintha tsiku lonse. Si mtengo umene mudzalipire pogula gemuyo ayi. Ndi yankho la gulu la anthu pa mafunso awiri: kodi gemuyi idzagulidwa makope angati, ndipo owunika magemu adzayipatsa malikisi angati? Funso limodzi mwa awiriwa ndi lofewa, linalo ndi louma kwambiri, ndipo tiona chifukwa chake.

Mu 2006, Brian Shiau anatsegula msika wa pa intaneti wotchedwa simExchange. Ukalembetsa ankakupatsa ndalama zongoseweretsa, zotchedwa DKP, zosagula kanthu kunja kwa msikawo. Gemu iliyonse yoyembekezeka inkakhala ndi masheya ake, ndipo lamulo linali lakuti DKP imodzi pa mtengo wa sheya ikuimira makope 10,000 amene adzagulidwe padziko lonse.

[Pa sikirini: nambala 250, kenako 400]

Tiyerekeze kuti sheya ili pa 250 DKP. Pamenepo msika ukunena kuti gemuyo idzagulidwa makope 2.5 miliyoni. Inu mwaonera kanema wake, mukudziwa ntchito zam'mbuyo za kampaniyo, ndipo mumtima mwanu mukuti ayi, iyi ifika 4 miliyoni. Kwa inu mtengo woyenera ndi 400, ndiye mugula, ndipo kugula kwanuko kukankhira mtengo m'mwamba pang'ono. Wina kwinako waona kuti gemuyo ikutuluka sabata yomweyo imene kukutuluka gemu ina yaikulu, ndiye akugulitsa, mtengo ukutsika. Pamene awiri inu mwakumanirana, ndi ena mazanamazana onga inu, m'pamene pali ulosi wa msika.

Panalinso malonda ena a nthawi yaifupi. Mwezi uliwonse kampani ya NPD Group inkalengeza mmene magemu ndi makonsolo (makina osewerera magemu) agulidwira m'masitolo a ku United States. Anthu ankabetcha pa nambala ya mweziwo, ndipo lipoti likatuluka, wolosera bwino ankapindula, wophonya n'kutaya DKP zake. Atolankhani a zamagemu ankaika ulosi wa msikawu pambali pa ulosi wa akatswiri olipidwa, monga Michael Pachter wa ku Wedbush Morgan, kuti aone amene wayandikira.

Nzeruyi si yatsopano. Yunivesite ya Iowa inayamba msika wolosera zisankho mu 1988, ndipo Hollywood Stock Exchange inayamba mu 1996 kulosera ndalama zimene mafilimu adzapange. Koma muzu wake uli kutali kwambiri. Mu 1906, pa chionetsero cha ziweto ku Plymouth, ku England, anthu ankapikisana kunena kuti ng'ombe ina idzalemera bwanji ikaphedwa n'kusendedwa. Wasayansi Francis Galton anatolera mayankho 787. Yankho la pakatikati linali mapaundi 1,207, pamene kulemera kwenikweni kunali 1,198. Ena anapyola, ena anapelewera, koma kulakwa kwa uyu kunkafafaniza kulakwa kwa uyo.

Pa magemu zimayenda chimodzimodzi. Wogwira ntchito m'sitolo amaona kuchuluka kwa anthu amene alipiriratu gemu isanafike. Wina amawerenga manambala a sabata iliyonse a magazini ya Famitsu ku Japan. Wina anayesako kachigawo ka gemuyo pa chionetsero cha magemu cha E3, chimene chinkachitika kale, n'kumva kuti mabatani sakuyankha bwino m'manja. Aliyense ali ndi kachidutswa kake, ndipo mtengo ndi umene umalumikiza tizidutswato. Mutu umodzi susenza denga.

Mwina mukufunsa kuti, ndalama zabodza, munthu angasamale bwanji? Mu 2004 ofufuza anayerekeza misika iwiri yolosera masewera a mpira wa ku America a NFL: TradeSports, ya ndalama zenizeni, ndi NewsFutures, ya ndalama zoseweretsa. Anapeza kuti iwiriyi inkalosera molondola mofanana. Anthu amalimbikira kuti dzina lawo lioneke pamwamba pa mndandanda wa opambana. Vuto limene ine ndimaliona kukhala lalikulu ndi chikondi. Munthu wokonda kwambiri konsolo ina amagula masheya a magemu ake chifukwa akufuna kuti ipambane, osati chifukwa wawerengera. Msika umadzikonza wokha pokhapokha pali anthu odekha okwanira, okonzeka kugulitsa pamene anzawo atengeka.

[Pa sikirini: mabokosi atatu, lobiriwira, lachikasu ndi lofiira]

Tsopano ku malikisi. Webusaiti ya Metacritic, imene inayamba mu 2001, imasonkhanitsa zimene owunika osiyanasiyana alemba, n'kutulutsa nambala imodzi yosapyola 100. Owunika ena mawu awo amalemera kuposa a anzawo, ndipo Metacritic siulula kuti ndani amalemera bwanji. Pa magemu, 75 kupita m'mwamba ndi bokosi lobiriwira, 50 mpaka 74 lachikasu, kutsika pamenepo lofiira. Gemu imene ili pamwamba pa onse ndi The Legend of Zelda: Ocarina of Time ya mu 1998, yokhala ndi 99.

Kulosera malikisi n'kofewa chifukwa bwalo lake n'laling'ono. Gemu yaikulu ya kampani yodziwika nthawi zambiri imagwera pakati pa 70 ndi 95. Mukaona mmene magemu am'mbuyo a gulu lomwelo anakhozera, mwafupikitsa kale mtunda. Rockstar Games inapeza 98 ndi Grand Theft Auto IV mu 2008, 97 ndi Grand Theft Auto V mu 2013, 97 ndi Red Dead Redemption 2 mu 2018. Pamenepo simufunika kukhala mlosi.

Chizindikiro china chimene amalonda amachiyang'anitsitsa ndi tsiku limene kampani yalola owunika kutulutsa ndemanga zawo. Ikawalola sabata yathunthu gemu isanatuluke, kawirikawiri imakhala kuti ikudzidalira. Ikawauza kuti adikire mpaka tsiku lotulutsa, kapena osawatumizira n'komwe kope loti ayese, anthu amayamba kukayikira. Si lamulo losaphonya, koma ndi chizindikiro chabwino.

Cyberpunk 2077 inaonetsa mmene chizindikirochi chimabisalira. Isanatuluke pa 10 December 2020, kampani ya CD Projekt Red inapatsa owunika kope la pa kompyuta lokha. Pa kompyuta malikisi anali pamwamba pa 85. Anthu atayiyika pa PlayStation 4 anapeza kuti imaimaima, zithunzi zimachedwa kuoneka, nthawi zina imangozima, ndipo malikisi a kumeneko anagwera pansi pa 60. Sony, eni ake a PlayStation, inayichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti n'kuyamba kubweza ndalama. Amene anafunsa kuti n'chifukwa chiyani palibe amene waona kope la pa konsolo anali ataona kale vuto. Komabe gemuyo inagulidwa makope oposa 13 miliyoni m'masiku khumi oyambirira, chifukwa anthu 8 miliyoni anali atalipiriratu.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani iyi imandikhudza. Nambala imene ife timabetcherapo mosangalala, kwa opanga magemu ndi malipiro. Fallout: New Vegas, imene Obsidian Entertainment inapanga mu 2010, inapeza 84. Mu 2012, Chris Avellone wa ku Obsidian anaulula kuti mgwirizano wawo ndi Bethesda, kampani yofalitsa gemuyo, unali wakuti adzalandira bonasi gemuyo ikafika 85. Anaphonya ndi likisi limodzi lokha, ndipo bonasiyo sanaione, ngakhale gemuyo inagulidwa kwambiri ndipo anthu akuikondabe mpaka lero. Wowunika mmodzi kapena awiri akanawonjezera pang'ono, nkhani ikanakhala ina. Ine ndimaona kuti si chilungamo kumangirira thukuta la anthu la miyezi yambirimbiri pa avereji imene ngakhale kawerengedwe kake n'kobisika.

[Pa sikirini: makonsolo awiri atayandikana]

Malonda ndiye nkhani ina. Choyamba, malikisi apamwamba satanthauza kuti gemu igulidwa. Okami ya mu 2006 inapeza 93 pa PlayStation 2, owunika anaiyamikira kwambiri, koma ogula anali ochepa, ndipo Capcom, kampani yofalitsa gemuyo, inatseka Clover Studio, gulu limene linaipanga, mu 2007.

Chachiwiri, malonda alibe malire ngati malikisi. Gemu ikhoza kugulidwa makope 50,000 kapena 50 miliyoni, ndipo wophonya amaphonya patali. PlayStation 2 itagulidwa zoposa 100 miliyoni, ambiri ankayembekezera kuti PlayStation 3 ndi imene idzatsogolere. Koma Wii ya Nintendo, yofooka mphamvu poyerekeza ndi anzake, inagulidwa zoposa 101 miliyoni, chifukwa inakopa makolo, agogo ndi ana amene sankasewera magemu n'kale lonse. Apa m'pamene pali kufooka kwenikweni kwa msika wolosera. Amene amachita nawo malondawa ndi anthu okonda magemu kwambiri, ofanana zokonda, owerenga nkhani zofanana. Pa ng'ombe ya ku Plymouth anthu ankalakwitsira mbali zonse ziwiri. Koma gulu likakhala la anthu amtundu umodzi, onse amalakwitsira mbali imodzi, ndipo palibe wofafaniza kulakwa kwa mnzake.

Ngakhale eni ake amaphonya. Nintendo inalosera kuti igulitsa Wii U zokwana 9 miliyoni m'chaka cha malonda chothera mu March 2014, koma mu January 2014 inatsitsa nambalayo kufika pa 2.8 miliyoni. Among Us inatuluka mu 2018 mwakachetechete, n'kudzaphulika mu 2020, anthu otchuka atayamba kuisewera pa Twitch, webusaiti yoonerapo anthu akusewera magemu, nthawi imene dziko linali lotsekeredwa m'nyumba ndi COVID-19. Panalibe nambala iliyonse ya mu 2018 imene ikanakuuzani zimenezo.

Chachitatu ndi chimene chavutitsa kwambiri misika imeneyi. Kubetcha kumafuna woweruza, nambala yomveka imene aliyense adzaivomereze pomaliza. Malikisi a Metacritic ali poyera, aliyense akhoza kuwaona. Manambala a malonda akhala akubisidwa chaka ndi chaka. Kumapeto kwa 2010, NPD inasiya kulengeza kwa anthu onse kuchuluka kwa makope amene gemu iliyonse yagulidwa, n'kumangotchula imene yatsogola. Mu 2015 Microsoft inasiya kunena kuti yagulitsa Xbox zingati. Anthu ambiri anayamba kugula magemu pa intaneti, kumene manambala amawasunga ndi eni sitolo okha. Sergey Galyonkin anayambitsa Steam Spy mu 2015 kuti aziyerekeza malonda a pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta, poyang'ana maakaunti a osewera, koma mu April 2018 Valve, eni ake a Steam, inasintha zinthu kuti mndandanda wa magemu a munthu ukhale wobisika, ndipo njirayo inafooka. Onjezerani Xbox Game Pass, imene inayamba mu 2017, kumene munthu amalipira pamwezi n'kusewera gemu osaigula. Kampani ikalengeza kuti tili ndi osewera mamiliyoni angapo, funsani kuti ogula ndi angati, chifukwa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Masiku ano olosera amadalira zimene zatsala poyera: malipoti a makampani kwa eni masheya awo, malo amene gemu ili pa mndandanda wa magemu amene anthu akuwadikira pa Steam, ndi kuchuluka kwa anthu amene akusewera nthawi imodzi, kumene webusaiti ya SteamDB imaonetsa. Nthawi zina nambala yomalizayi imanena zonse. Concord, gemu ya Sony, inatuluka pa 23 August 2024 ndi malikisi a m'bokosi lachikasu, ndipo pa Steam osewera nthawi imodzi sanafike n'komwe 700. Sony sinalengeze kuti yagulitsa makope angati. Inayitseka pa 6 September, patangotha masabata awiri, n'kubwezera ogula onse ndalama zawo.