Mpingo Patsogolo, Banja Pambuyo: Kodi Baibulo Limaterodi?

Moni nonse amene mukuonera kuno ku Lilongwe, kaya muli ku Kawale, ku Area 25, ku Chinsapo, kapena muli mudepoti kudikira kuti minibasi idzaze, ndiponso inu abale athu a ku Johannesburg amene simuphonya pulogalamu ino. Lero ndabwera ndi mfundo 5 zokhudza moyo wa Chikhristu kumpingo ndi pakhomo, koma ndineneretu kuti mfundo yachitatu ikhumudwitsa ena, makamaka atsogoleri anzanga, chifukwa ikutsutsa chiphunzitso chimene ambiri tachimva kuyambira ubwana wathu pomwe m'Baibulo mulibe. Musachoke tisanafikepo. Ngati ndi koyamba kutipeza, dinani batani la Subscribe ndi kabelu kali pambali pakeko, kenaka tiyambe.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 4 aliwonse m'Malawi muno, oposa 3 ndi Akhristu. Matchalitchi sakusowa ayi, moti Lamulungu m'mawa ngakhale makalasi a sukulu za pulayimale amasanduka nyumba zopemphereramo, mipingo itatu kuyimba nthawi imodzi m'zipinda zoyandikana. Chimene tikufunsa lero ndi zomwe zimachitika pakhomo kuyambira Lolemba.

Mfundo yoyamba ndi yodziwika kale, ndipo sindichedwapo. Werengani Mawu ndi kupemphera pamodzi monga banja. Deuteronomo 6 ndime 6 ndi 7 amapereka ntchito yophunzitsa ana kwa makolo, pokhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka, ndipo satchula mphunzitsi wa Sande sukulu. Buku Lopatulika tili nalo kuyambira 1922, kuchokera ku ntchito yomasulira imene anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo amene Chichewa chake chimakulemerani mukhoza kutenga Buku Loyera la mu 1998. Mphindi 10 mukatha kudya nsima yamadzulo ndi zokwanira, magetsi akazima tochi ya foni ilipo.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti mukhale m'kagulu kakang'ono komwe anthu amakudziwani ndi dzina. Akatolika ali ndi miphakati, imene inazika mizu kuno ku Lilongwe pamene Bishopu Patrick Kalilombe anachititsa sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo a CCAP ali ndi mapemphero a m'madera komanso Chigwirizano cha amayi, chimene chilipo mu Sinodi ya Nkhoma kuyambira 1940. Maliro akagwa kapena mwana akagonekedwa kuchipatala, amene amafika ndi nkhuni, ufa ndi nyimbo ndi anthu a m'timagulu timeneti.

Tsopano tafika pa mfundo yachitatu, ndipo apa ndikhalitsapo. Pali mawu amene amamveka paguwa, m'misonkhano ya amayi ndi ya abambo, ngakhalenso pa wailesi, akuti, "Inu samalani za Mulungu, Mulungu asamala za kunyumba kwanu." Mawuwa amakoma kuwamva, ndipo anthu amayankha Amen mokweza, koma mukamvetsetsa bwino mupeza kuti wonenayo akamati za Mulungu akutanthauza ndandanda ya zochitika za pampingo ndi ndalama zoyendetsera zochitikazo. Zotsatira zake timaziona tonse. Bambo Lolemba ali ku komiti ya chitukuko, Lachiwiri ku kwaya, Lachitatu ku mapemphero a kudera, Lachisanu ku mapemphero a usiku wonse, Loweruka akwera phiri la Bunda kukasala kudya, ndipo Lamulungu achoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa chifukwa panali bwalo la akulu a mpingo. Kumpingo amamutcha mzati, pomwe mwana wake wa Sitandade 8 akukonzekera mayeso popanda womufunsa ngakhale tsiku limodzi kuti sukulu ikuyenda bwanji. Amayi nawonso musaseke, pakuti alipo ena amene bulauzi yoyera ndi duku sizichedwa kuchapidwa ndi kusitidwa, koma apongozi awo odwala agona m'chipinda chakuseri osatembenuzidwa tsiku lonse.

Mbali ya ndalama ndiyo imandipweteka kwambiri. Amene munakhalapo pa Pepa Sande mukudziwa momwe zimayendera. Woyendetsa mwambo wagwira maikolofoni, kwaya ikuyimba, mbale ili patsogolo, ndipo akuitana dera ndi dera, kenaka abambo apikisane ndi amayi, kenaka obadwa mwezi wakutiwakuti aimirire. Pamapeto pake amafika pa malonjezo, dzina la munthu n'kutchulidwa pagulu, anthu onse n'kutembenuka kumuyang'ana. Bambo uja, amene m'thumba mwake muli ndalama ya lendi yokha, amaimirira, kukonza jekete, n'kutchula ndalama imene sanakambirane ndi mkazi wake, m'manja n'kuwombedwa, nthungululu n'kulira. Mkazi wakeyo ali kumbali ya amayi, akuwomba nawo m'manja, koma mumtima akuwerengera fizi ya teremu ino, thumba la makala ndi ngongole ya kubanki mkhonde. Pofika pa 30 mwezi womwewo bamboyo ali kwa wakatapila. Kwina sanena za Pepa Sande koma za kufesa mbewu, kumene munthu amauzidwa kuti akapereka ndalama yonse ya mpamba wa geni yake, Mulungu amubwezera kakhumi sabata isanathe.

Imani kaye pamenepa. Ngati mukudziwa banja limene nkhaniyi ikulikhudza, atumizireni vidiyoyi pa WhatsApp, ndipo musalembepo dzina la munthu aliyense, ingotumizani.

Tsegulani Marko 7 ndime 9 mpaka 13, chifukwa mchitidwe umenewu Yesu anaupeza kale pakati pa Afarisi ndi alembi. Panali mwambo wakuti munthu akanena kuti chuma chake ndi Korban, ndiko kuti choperekedwa kwa Mulungu, ankamasuka pa udindo wothandiza nacho atate ndi amayi ake. Taganizirani nkhalamba ikupempha thandizo kwa mwana wake, mwanayo n'kuyankha kuti pepani, chimene ndikanakupatsani ndachilonjeza kale kukachisi. Kwa anthu a nthawi imeneyo munthu wotere ankaoneka wodzipereka kwambiri. Yesu sanamuyamikire ngakhale pang'ono. Anauza aphunzitsiwo kuti akupeputsa Mawu a Mulungu ndi mwambo wawo, popeza lamulo lakuti lemekeza atate wako ndi amako linachokera kwa Mulungu yemweyo amene akunamizira kumupatsa. Abale anga, ngati Ambuye anakana chopereka cholandidwa pakamwa pa makolo okalamba, tikuganiza kuti alandira cholandidwa pakamwa pa ana?

Paulo ndiye sanabise mawu. Pa 1 Timoteo 5 ndime 8 akunena kuti munthu wosasamalira abale ake, makamaka a m'banja lake lenileni, wakana chikhulupiriro ndipo ndi woipa kuposa wosakhulupirira. Sakunena za munthu woledzera kapena wakuba, akunena za munthu amene akhoza kukhala pa mpando wakutsogolo m'tchalitchi. M'mutu womwewo, ndime 4, akuti ana ndi adzukulu ayambe aphunzira kuonetsa chipembedzo chawo m'banja mwawo pobwezera makolo zabwino, ndipo ndime 16 akuti wokhulupirira asamale amasiye a kwawo kuti mpingo usalemedwe. Mukuona kuti mpingo weniweniwo umapepukidwa pamene mabanja akusamalidwa. Bwererani ku mutu 3 ndime 4 ndi 5, pamene pali zoyenera za woyang'anira mpingo, ndipo mupeza funso lakuti munthu wolephera kuweruza nyumba yake angasunge bwanji mpingo wa Mulungu. Ndime 12 ikunenanso chimodzimodzi za atumiki. Mwa kunena kwina, mayeso a mkulu wa mpingo amalembedwa kunyumba, koma ife posankha akulu timayang'ana amene sajomba kumisonkhano ndi amene amapereka kwambiri, osafunsa ngakhale mwana mmodzi wa m'nyumba mwake. Eli anatumikira ku Silo mpaka kukalamba, koma 1 Samueli 3 ndime 13 akuti nyumba yake inaweruzidwa chifukwa ankadziwa zoipa za ana ake, Hofeni ndi Pinehasi, osawaletsa.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kulemba mavesi pansipa, ndipo lembani ndithu, chifukwa ndemanga zanu zimathandiza kuti YouTube ionetse vidiyoyi kwa anthu ambiri. Wina anena Mateyu 10 ndime 37, pamene Yesu akuti wokonda atate kapena amake koposa Iye sayenera Iye. Werengani mutu wonsewo. Yesu akutuma ophunzira ake ndipo akuwachenjeza za mazunzo, za nthawi imene mbale adzapereka mbale wake ku imfa chifukwa cha dzina lake. Akunena za munthu amene a kwawo akumukakamiza kukana Khristu, osati za munthu amene mkazi wake akumupempha kuti Lachisanu lino agone kunyumba chifukwa mwana watentha thupi. Yesu yemweyo ali pamtanda, pa Yohane 19 ndime 26 ndi 27, anaonetsetsa kuti amayi ake ali ndi wowasunga, ndipo ngati pali tsiku limene munthu akanati ndatanganidwa ndi ntchito ya Mulungu, linali tsiku limenelo.

Wina anena za mayi wamasiye amene anaponya timakobiri tiwiri, zonse zimene anali nazo. Nkhaniyi ili pa Marko 12 kuyambira ndime 41, ndipo ndi yoona kuti Yesu anati mayiyo anaponya zambiri kuposa onse. Koma kwezani maso pang'ono muwerenge ndime 40, pamene Yesu wangotha kudzudzula alembi chifukwa cholusira nyumba za akazi amasiye. Alaliki ambiri amayambira pa 41, ndipo ine ndimadabwa kuti 40 imawalakwira chiyani. Komanso mayiyo palibe anamuitana pa maikolofoni, palibe anamulonjeza kuti zibwerera kakhumi. Pa 2 Akorinto 8 ndime 12 ndi 13 Paulo akuti chopereka chimalandiridwa monga mwa chimene munthu ali nacho, si monga mwa chimene alibe, ndipo sakufuna kuti ena apepukidwe pamene opereka akusautsidwa. Mutu 9 ndime 7 ukuwonjezera kuti aliyense apereke monga anatsimikiza mumtima, osati mokakamizidwa. Ngongole ya katapila si chimene munthu ali nacho.

Pasapezeke wodula kachigawo ka vidiyoyi n'kukaika pa Facebook kuti ndaletsa anthu kupereka. Tchalitchi chimafuna denga, abusa ndi ansembe amadya, ndipo zipatala monga cha Nkhoma ndi cha Likuni ndi umboni wa zimene mpingo umachita anthu akapereka. Chimene ndikunena ndi chakuti malipiro akalowa, bambo ndi mayi akhale pansi awiri, apatule chakhumi kapena mtulo monga mpingo wawo umaphunzitsira, apatule lendi, fizi, chakudya ndi thandizo la makolo kumudzi, ndipo chimene agwirizana pamenepo ndicho chitchulidwe pa Pepa Sande, kaya m'manja muwombedwa kaya ayi. Nthawi nayonso igawidwe chomwecho. Udindo umodzi kapena uwiri pampingo ndi wokwanira kwa munthu wa pabanja, ndipo inu atsogoleri, musanaike msonkhano wina pakati pa sabata, kumbukirani kuti mkulu amene mukumuitanayo waweruka ku Kanengo dzuwa litapendeka, ndipo akachoka pamsonkhanopo akapeza ana atagona.

Ndaona nthawi yathamanga, tiyeni tifulumire. Mfundo yachinayi ndi ya wantchito wa pakhomo panu. Banja lonse limatchena n'kupita kutchalitchi, mtsikana wantchito n'kutsala akuphika nkhuku, Lamulungu lililonse chaka chonse, ngati kuti iye alibe mzimu. Akolose 4 ndime 1 amalamula ambuye kuchitira antchito awo zolungama, ndipo Yakobo 5 ndime 4 akuti malipiro obisidwa a antchito amafuula mpaka kumveka kwa Ambuye. Mulipireni pa tsiku lake, ndipo mumupatse mpata wokapemphera kumpingo kwake.

Mfundo yachisanu ndi ya mikangano ya m'banja. Aefeso 4 ndime 26 akuti dzuwa lisalowe muli chikwiyire, ndipo zikakukanikani awiri, ankhoswe ndi akulu a mpingo alipo. Koma kumenya si mkangano wamba, ndi mlandu, ndipo Malawi ali ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira 2006, komanso kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Nkhani imeneyi, pamodzi ndi mawu aja akuti banja ndi kupirira amene alangizi amakonda kuuza mkwatibwi, ndaisungira vidiyo yakeyake ya sabata yamawa, ndipo tidzawerenga Aefeso 5 kuyambira ndime 21, osati 22. Amene simunadine Subscribe dinani tsopano kuti isakupiteni, ndipo vidiyo ya chinkhoswe ndi ukwati woyera imene ambiri mwakhala mukuifunsa ndi iyo ikuoneka pakona yakumanjayo.