Chimene chinapha anthu a ku Pompeii ndi Herculaneum

Moni nonse amene mukutionera.

Ambiri akamva za Pompeii amaganiza kuti anthu ake anakokoloka ndi chiphalaphala chamoto. Sizinali choncho ayi. Chimene chinawapha ndi china, ndipo chinafika ambiri akuyesa kuti zoopsa zatha.

[Mapu a Italy, gombe la Naples]

Ili ndi phiri la Vesuvius. M'chaka cha 79 AD, m'munsi mwake munali mizinda ya Aroma monga Pompeii, Herculaneum, Stabiae ndi Oplontis. Nthaka inali yachonde, minda ya mpesa ili mbee mpaka m'mapiri. Chivomerezi chachikulu chinagwetsa nyumba zambiri mu 62 AD, koma anthu anangoyamba kumanganso. Kugwedezeka kwa nthaka anali atakuzolowera.

Tili ndi mboni imene inaona ndi maso kuphulika kwa phirili mu 79 AD. Pliny wamng'ono, mnyamata wa zaka 17, anali ku Misenum, tsidya lina la gombelo. M'makalata awiri amene analembera Tacitus, wolemba mbiri wachiroma, patapita zaka, anati chakumasana kunaoneka mtambo wooneka ngati mtengo wa paini, thunthu lalitali, nthambi zotambalala pamwamba. Amalume ake, Pliny wamkulu, amene ankatsogolera zombo zankhondo, ananyamuka kukapulumutsa anthu. Anakafera pagombe la Stabiae.

Tsono mvetserani apa, poti nkhani yagona pomwepa. Mphepo inkawombera chakum'mwera cha kum'mawa, kumene kunali Pompeii. Kwa maola pafupifupi 18 kunagwa timiyala topepuka ndi phulusa, mpaka madenga anayamba kuloshoka ndi kulemera. Ambiri anathawa nthawi imeneyi ndipo anapulumuka. Ena anadzitsekera m'nyumba kudikira kuti mvula yamiyalayo ikate. Ndani angawanene? Panja pali mdima, miyala ikugwa, mwana ali kumsana, agogo sangathe kuyenda.

Herculaneum anali mbali ina ya phiri, choncho phulusa silinagweko lambiri. Koma usiku mtambo uja unalemera n'kugwa, nusanduka chimphepo cha mpweya wotentha kwambiri wosakanikirana ndi phulusa, chotsika phiri pa liwiro loti munthu sangachithawe. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri ofukula zakale anayamba kupeza mafupa m'zipinda zosungiramo mabwato m'mphepete mwa nyanja, ndipo onse pamodzi anakwana anthu pafupifupi 300. Anathawira kumeneko, mwina akudikira ngalawa. Kutacha, chimphepo china chotere chinalowa mu Pompeii n'kupha onse otsala, ena ali panjira atangotuluka kumene.

[Zithunzi za matupi a pulasitala]

Zimene mukuonazi si ziboliboli zosema. Phulusa linauma litakuta matupi, matupiwo anawola, mkati n'kutsala mphako. Mu 1863 Giuseppe Fiorelli, katswiri wofukula zakale, anayamba kuthira pulasitala m'mphakozo, ndipo munatuluka maonekedwe a munthu aliyense monga anagwera, ngakhale makwinya a zovala zake. Ine ndimaona kuti zithunzi izi n'zofunika kuziyang'ana mwaulemu, chifukwa mkati mwa pulasitalayo muli mafupa a anthu enieni. Ku Pompeii kwapezeka mitembo yoposa 1,000, ndipo mbali ina ya mzindawu sinafukulidwebe.

Herculaneum anakwiririka mozama, mamita pafupifupi 20, ndipo kutentha kuja kunasandutsa makala zinthu zimene zikanawola: zitseko, mabedi, chakudya, ndi mipukutu ya mabuku yoposa 1,000 m'nyumba imodzi yokha. Anthu okumba chitsime ndi amene anatulukira malowa mu 1709. Ntchito yofukula inayamba mu 1738, ndipo ku Pompeii mu 1748. Mipukutu ija ukaitambasula imafumbutuka, koma kuyambira 2023 akatswiri akutha kuwerenga mawu ena mkati mwake ndi makina ojambula komanso kompyuta, osaitsegula n'komwe.

Vesuvius anaphulika komaliza mu 1944, ndipo sanazime. Anthu oposa 600,000 amakhala m'dera limene boma la Italy linalilemba kuti ndi loopsa kwambiri, ndipo dongosolo lake ndi loti onsewo asamutsidwe m'maola 72, phirilo lisanaphulike.