Mawu a m'mawa: Kabwerekeni mitsuko, ndipo isakhale yochepa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu a lero akuchokera pa 2 Mafumu 4:1-7. Ndi nkhani yaifupi, mukhoza kuiwerenga yonse madzi a tiyi asanawire.

Mayi wina wamasiye anapita kwa mneneri Elisa akulira. Mwamuna wake, yemwe anali m'gulu la aneneri, anamwalira atasiya ngongole, ndipo mwini ndalama anali atanena kale kuti akubwera kudzatenga ana ake awiri aamuna kuti akakhale akapolo. Zimenezi zinkachitikadi mu Israeli, moti ngakhale pa Nehemiya 5:5 tikumva makolo akudandaula kuti ana awo alowa ukapolo chifukwa cha ngongole. Ndipo taonani, mayiyu anakumbutsa Elisa kuti malemuwo anali oopa Yehova. Anali munthu wopemphera, koma anafa ali ndi ngongole. Inu amene mumakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi chifukwa amene anakukongozani amakhala kutsogolo, mawu amenewa akupepuzeni pang'ono.

Elisa sanapisa dzanja m'thumba. Anafunsa funso: uli ndi chiyani m'nyumba mwako? Mayiyo anayamba ndi kunena kuti mulibe kanthu, kenako ndi pamene anakumbukira kuti muli kamtsuko ka mafuta. Nafenso timayankha chomwecho. Mufunse mnyamata amene wakhala akulakalaka kutsegula shopu ya ukalipentala, adzakuuzani kuti alibe mpamba. Mukamufunsitsa mupeza kuti ali ndi sowo, ali ndi hamala, ndipo mipando ya kwa azakhali ake anakonza ndi iyeyo. Mufunse mayi amene anasiyira sukulu Fomu 3 chifukwa cha mimba, adzati zake zinada kalekale, pamene ndi iye amene amathandiza ana a pamudzi ponse masamu madzulo aliwonse. Mavuto akachuluka, maso amazolowera kuwerenga zimene zasowa.

Tsopano tamvani lamulo limene mneneri anapereka, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yathu. Anamuuza kuti atuluke, akabwereke zotengera kwa anansi ake onse, zopanda kanthu, ndipo asabwereke zochepa.

Taganizani mayi ameneyu akuyenda khomo ndi khomo. Mudzi wonse ukudziwa za ngongole yake. Ena akamuona akubwera potero akuyamba kubisa ufa, poganiza kuti wadzapempha ndiwo kapena mchere. Afika pakhomo, aodira, akhala pansi, apatsana moni, kenako akuti, "Amayi, ndimati mundibwerekeko mtsuko." Mwini nyumba akufunsa kuti mtsuko wa chiyani, kodi kwanu kuli zochitika? Iye alibe yankho lomveka. Kunyumba kwake kuli timafuta tosakwana ngakhale kudzaza chikho, koma akusonkhanitsa mitsuko ngati munthu amene wakolola chaka chabwino. Akatuluka pakhomopo, kumbuyo kukutsala manong'onong'o akuti chisoni chamusokoneza mutu. Ayenera kumeza zonsezo n'kukaodira khomo lotsatira.

Mulungu akanatha kudzaza nyumba ija ndi mitsuko yochokera kumwamba. Amene amachulukitsa mafuta sangalephere kuumba dothi. Koma anasankha kuti chozizwitsa cha mayiyu chidzere m'ziwiya za anthu ena, ndipo kukula kwake kutengere makomo amene iye analimba mtima kugogoda. Vesi 6 ikunena kuti zotengera zitadzaza anauza mwana wake kuti abweretse china, mwanayo n'kuyankha kuti palibenso, ndipo mafuta analekera pomwepo. Chimene chinatha ndi mitsuko.

Ambirife maloto athu amafera pamanyazi. Tikufuna kubwerera kusukulu koma tikuopa kufunsa mwana wa mnansi kuti atibwereke manotsi ake a Fomu 4, poti ndi mwana wa dzulodzuloli. Tikufuna kuyamba geni ya kaunjika koma sitingafunse mayi amene wakhala akuoda mabelo kwa zaka zambiri kuti belo labwino amalidziwa bwanji, chifukwa tinayambanapo pa maliro. Timapemphera, timasala kudya, timalemba "Amen" pansi pa uthenga uliwonse wa pa WhatsApp wonena kuti chaka chino ndi chathu, koma phazi silituluka pakhomo. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe amene adzalote kuti inu mukufuna thandizo.

Onaninso chimene anatumidwa kukabwereka. Munthu amene wamira kale m'ngongole, mneneri sanamutumize kukakongola ndalama zina. Anamutuma zinthu zopanda kanthu, zimene mwini wake sataya kalikonse akabwereketsa. Ife tikamva za thandizo maganizo amathamangira ku ndalama, ndiye tikakanidwa timati anthu ndi oipa, kapena timakathera kwa akatapila amene chiwongoladzanja chawo chimameza geni isanayambe n'komwe. Sindikunena kuti ngongole iliyonse ndi tchimo. Ndikunena kuti zambiri zimene loto lanu likusowa si ndalama. Ndi makina osokera amene akungokhala ataphimbidwa ndi chitenje m'nyumba mwa alamu anu. Ndi kamalo m'firiji ya mnansi koti muziikamo mafirizesi. Ndi njinga yoti mukaodere tomato kawiri pa sabata, kapena munthu woti akusungireni mwana maola awiri pamene muli m'kalasi. Nthawi zina ndi khutu chabe la munthu amene anadutsamo kale.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ambiri timaidziwa, koma timakonda kuikamba ngati ya mnyamata amene anachita zonse yekha. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira fizi ndipo anasiya sukulu ali Fomu 1. Buku limene anaonamo chithunzi cha makina oyendera mphepo, amene iye anadzapanga kuti azitulutsa magetsi, linali lobwereka ku kalaibulale kakang'ono ka kwawoko, ndipo poti Chingerezi chinkamuvuta, ankatsatira zojambula. Njinga imene anaphwasula inali ya bambo ake. Zitsulo anatola kudzala la zitsulo zotayidwa. Dayinamo anamugulira ndi mnzake. Mitengo ya bulugama yomangira nsanja anadula ndi kuimika pamodzi ndi mnzakeyo komanso msuweni wake, pa nthawi imene anthu ena ankamunena kuti wapenga kapena wayamba kusuta chamba. Anali ndi zaka 14 pamene babu inayaka. Ndipo ngakhale itayaka, panafunikabe anthu ena oti abwere kudzaona, abweretse atolankhani mu 2006, kuti mu 2007 akayankhule ku Arusha m'dziko la Tanzania, abwerere kusukulu, mpaka kudzamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014. Nzeru zinali zake, palibe angatsutse. Koma muchotsepo laibulale, njinga ya bambo ndi dayinamo ya mnzake, muone ngati dziko likanamumva.

Komabe mneneri anawonjezera lamulo lachiwiri, limene limaoneka ngati likutsutsana ndi loyamba. Anati ukabwera nazo, ulowe m'nyumba, utseke chitseko, iwe ndi ana ako. Pamenepa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Ena anagwira lachiwiri lokha: sauza munthu aliyense zimene akukonza, ati anthu angawachite chipongwe, ndiye amavutika okha mpaka loto kuzima. Ena anagwira loyamba lokha: maziko asanakumbe n'komwe, Facebook yonse yadziwa kale mtundu wa malata. Mayi uja anachita zonse ziwiri, chilichonse pa nthawi yake. Anansi anapereka mitsuko koma sanalowe m'chipinda. Amene anakhala naye mkati ndi ana ake, anthu amene nkhaniyo inkawakhudza pakhungu, ndipo sanali oonerera, ndi iwo ankamupatsira zotengera iye akuthira. Ngakhale Elisa mwini sanalowemo. Si aliyense wokuthandizani ayenera kudziwa zonse, ndipo si aliyense wokufunsani mafunso ali mdani.

Za mphamvu yoyambira, ndinene izi. Timadikira kuti tsiku lina tidzadzuke mtima ukutentha, mantha atatheratu, ndiye tidzayambe. Mayi uja mafuta sanachuluke ali chikhalire pa alumali. Anayenera kupendeketsa kamtsuko kake komaliza, kuthira m'chiwiya chachikulu cha eni ake, asanaone umboni uliwonse. Chilimbikitso chinabwera mtsuko woyamba utadzaza, ndipo wachiwiri unali wosavuta kuposa woyamba. Kalembetseni mayeso a MSCE aja mantha akadalipo. Sokani diresi loyamba ngakhale msoko ukhote.

Ndimalemekeza kwambiri amayi a banki mkhonde pa nkhani imeneyi. Njira yosungira ndalama imeneyi inayambira kwa amayi a ku Niger mu 1991 mothandizidwa ndi bungwe la CARE, ndipo lero yafika pafupifupi dera lililonse kwathu kuno. Mukakhala nawo pa mphasa tsiku losonkhana muona bokosi lili pakati, lokhomedwa ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo likusungidwa ndi wachinayi. Aliyense akuitanidwa dzina, akuponya masheya ake anthu onse akuona, owerenga ndalama akuwerenga mokweza, mlembi akulemba. Wochedwa alipira chindapusa, ngakhale akhale mkazi wa amfumu. Ndalama imene mayi amaponya pa sabata ndi yochepa, yoti ikanakhala m'nyumba ikanathera ku sopo ndi mandasi a ana. Chimene gulu limamupatsa ndi maso a anzake, amene amamufunsa sabata ndi sabata kuti malata aja mwafika nawo pati. Pakutha pa chaka akagawana, ena amagula feteleza, ena mbuzi, ena amalipira fizi. Chipereganyu cha kuntchito, chilimba cha abale athu a ku Zambia ndi stokvel ya amene muli ku Joni, mzimu wake ndi womwewo. Inde, magulu ena amatha ndi milandu, wina atathawa ndi ndalama kapena atakongola uku kuti akabweze uko. N'chifukwa chake maloko aja ali atatu. Sankhani gulu la anthu amene amakuuzani zoona, osati ongokuombera m'manja.

Mafuta atasiya, mayi uja sanathamangire kumsika. Anabwerera kaye kwa munthu wa Mulungu kukanena zimene zachitika, ndipo analandira dongosolo: kagulitse mafuta, ulipire ngongole, zotsalazo zikusunge iwe ndi ana ako. Anayenerabe kusenza, kutsatsa ndi kutsutsana mitengo ndi ogula. Ndipo ngongole inali patsogolo, kudya pambuyo. Ambiri timagwa pomwepa, phindu loyamba likangolowa timayamba ndi foni yatsopano, amene anatithandiza tikuwazemba m'njira.

Mwina inu lero simuli mayi wamasiye uja, muli mnansi. Pakhomo panu pabwera munthu ndi pempho looneka lopanda mutu. Simukufunsidwa kuchita chozizwitsa, imeneyo ndi ntchito ya Mulungu. Mabuku aja ana anu anamaliza nawo, nambala ya foni ya munthu amene akufuna telala, ola limodzi Loweruka kuphunzitsa mwana wa mnzanu kompyuta, mutulutse. Pakati pathu pali aphunzitsi, anamwino, amakaniko, ochita malonda. Dzuwa lisanalowe lero, wina alembere mnzake kuseri, amuuze chimene akufuna kuyamba ndi chimene akusowa, ndipo wolandira uthengawo asangoyankha ndi chithunzi cha manja opemphera.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikukuthokozani chifukwa cha tsiku latsopano. Tikumbutseni zimene munatipatsa kale zimene ife taziiwala. Chotsani manyazi amene amatimanga miyendo, ndipo mutipatse nzeru yodziwa woti timuuze ndi woti tingomupatsa moni. Kumbukirani amene akuwerengera mayeso atasiya sukulu zaka zambiri, amene akutsegula geni yawo koyamba sabata ino, amene ali kutali ndi kwawo kufunafuna mpamba, ndi amene sanagone usiku wathawu chifukwa tsiku lobweza ngongole lafika. Fewetsani mitima ya amene agogodedwe lero. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.

Muyende bwino kuntchito, kumunda ndi kumsika.