Kampani Yanu Ikasumiridwa, Nyumba Yanu Ipulumuka?

[Wofotokoza akuyang'ana kamera]

Moni nonse. Nkhani ya leroyi anthu ambiri a bizinesi amaiganizira mochedwa, chisamani chitafika kale pakhomo. Munalembetsa kampani, satifiketi ili m'manja, ndipo anakuuzani kuti kuyambira tsikulo ngongole za kampani ndi za kampaniyo, sizikhudza nyumba yanu, galimoto yanu, kapena ndalama zomwe mukusungira ana. Sanakunamizeni ayi. Chimene sanakuuzeni n'chakuti chitetezo chimenechi chimatha, ndipo kawirikawiri wochithetsa amakhala mwini kampani yemweyo, osadziwa n'komwe kuti akudzipweteka.

[Pa sikirini: London, 1892]

Ku London kunali mkulu wina dzina lake Aron Salomon, wogulitsa zikopa komanso wopanga nsapato. Mu 1892 anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani. Lamulo la nthawiyo linkafuna eni masheya osachepera 7, choncho anapatsa mkazi wake ndi ana ake asanu sheya imodziimodzi, iye n'kutsala ndi masheya 20,001 mwa masheya onse 20,007. Sipanapite nthawi, malonda anavuta, kampani inagwa, ngongole zili mbwee. Oyifuna ndalama kampaniyo anati: apa palibe kampani, ndi Salomon yemweyo wangosintha dzina, alipire za m'thumba mwake. Makhoti awiri oyamba anavomereza. Koma mu 1896 khoti lalikulu kwambiri ku Britain pa nthawiyo, House of Lords, linakana. Linagamula kuti kampani yolembetsedwa motsatira lamulo ndi munthu payokha, ili ndi katundu wake ndi ngongole zake, ngakhale masheya pafupifupi onse atakhala a munthu mmodzi.

Chigamulo chimenechi ndi chomwe mayiko ambiri amatsamirapo mpaka lero. Pakati pa inu ndi kampani yanu pali mpanda. Wosumira kampani amafika pa katundu wa kampani, n'kuima pomwepo.

Tsono loya wa mbali inayo akaona kuti kampani ilibe kanthu, amachita chiyani? Amapempha khoti kuti liunyalanyaze mpandawo. Mfundo yake imakhala yosavuta kumva: bwanji khoti lilemekeze malire amene mwini wake sankawalemekeza? Ku America milandu yotere ndi yambiri zedi. Mu 1991 katswiri wa malamulo Robert Thompson anaunika milandu pafupifupi 1,600 ya mtunduwu, napeza kuti pa milandu 100 iliyonse, pafupifupi 40 khoti linalola kuti mwini afikiridwe. Ndipo mvetserani apa: pa milandu yonseyo, panalibe umene eni masheya a kampani yogulitsa masheya ake kwa anthu onse pa msika anakhudzidwa. Ovulala anali a makampani okhala ndi eni ochepa, a munthu mmodzi, a pabanja, a anthu awiri kapena atatu ogwirizana, kuphatikizapo makampani omwe mwini wake ndi kampani ina. Ngati mukuonera vidiyoyi, ndikhulupirira kuti kampani yanu ili m'gulu limeneli.

[Pa sikirini: Sea-Land Services ndi Pepper Source, 1991]

Mlandu umene umaonetsa bwino nkhaniyi ndi uwu. Kampani yonyamula katundu pa nyanja, Sea-Land, inanyamulira tsabola kampani ina yotchedwa Pepper Source. Ndalama zonyamulira sizinalipidwe. Sea-Land inapita kukhoti n'kupambana, ngongole ya madola oposa 86,000, koma pofuna kutolera inapeza kuti Pepper Source inathetsedwa kale chifukwa chosalipira msonkho wa pachaka, ndipo inalibe katundu aliyense. Apa maso onse anatembenukira kwa mwini wake.

Zomwe zinavumbuluka n'zimene ndikufuna muzimvetse bwino, chifukwa palibe chachilendo pa izo. Mkuluyo anali ndi makampani angapo, onse mu ofesi imodzi, foni imodzi. Pafupifupi onse sanachitepo msonkhano ngakhale umodzi. Atafunsidwa za malamulo oyendetsera makampaniwo, sanakumbukire kuti analembedwapo. Ndalama zinkachoka ku kampani iyi kupita ku iyo popanda chiwongoladzanja, iyenso ankadzibwereka momwemo. Ndi ndalama za makampani ankalipira chithandizo cha ana, sukulu yawo, kukonzetsa galimoto zake, mpaka mankhwala a chiweto chake. Iye mwini analibe n'komwe akaunti yakeyake ku banki. Khoti la apilo ku Chicago linati palibe chokayikitsa, munthuyo ndi makampani ake ndi chinthu chimodzi. Linangofuna umboni winanso wosonyeza kuti kumusiya kungakhale kupanda chilungamo. Umboniwo unapezeka, ndipo mu 1993 chigamulo chomulamula kulipira chinatsimikizidwa.

Ndikamawerenga mlanduwu, chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti zambiri mwa zomwe mkuluyu ankachita, anthu oona mtima amazichitanso tsiku ndi tsiku. Mwana akufunika fizi, ndalama zili mu akaunti ya kampani, mungotapa, mukuti mudzabweza. Si kuba ayi, ndalamazo munazivutikira ndinu. Koma woweruza sadzaona mtima wanu. Adzaona sitetimenti ya ku banki.

Choncho tiyambire pa ndalama, chifukwa apa m'pamene ambiri amagwera. Kampani ikhale ndi akaunti yake, inu yanu. Ndalama ikachoka ku kampani kubwera kwa inu, ikhale ndi dzina: ndi malipiro anu a pamwezi, kapena ndi gawo lanu la phindu, kapena ndi ngongole. Ngati ndi ngongole, palembedwe kalata yonena kuchuluka kwake, tsiku lobweza ndi chiwongoladzanja, ndipo ibwezedwedi. N'chimodzimodzinso mukathira ndalama zanu mu kampani pa nthawi yovuta: lembani ngati mwaibwereka kapena mwawonjezera mpamba. Ngati kampani ikugwirira ntchito m'nyumba yanu kapena ikuyendera galimoto yanu, pakhale mgwirizano wa lendi, pa mtengo umene mlendo akanalipira. Mukakhala ndi makampani awiri, iliyonse ikhale ndi mabuku ake, ndipo ikagulitsa kanthu kwa inzake patuluke invoisi.

Kenako zisankho. Apa ena amaseka, amati ndichite msonkhano ndi ndani poti ndili ndekha? Koma cholinga cha maminitsi, zolemba za zomwe zagwirizanidwa pa msonkhano, si kusonyeza kuti anthu anakhala pa mipando. Cholinga chake n'kusonyeza kuti chisankho chinapangidwa ndi kampani, pa zifukwa zokomera kampani, pa tsiku lodziwika. Kutenga ngongole ku banki, kugula kapena kugulitsa katundu wamkulu, kugawa phindu, kusankha dairekitala watsopano, kukweza malipiro anu omwe: chilichonse mwa izi chikhale ndi pepala, ngakhale la mizere isanu, lokhala ndi tsiku ndi siginecha. Ku Britain lamulo la makampani la 2006 limalamula kuti maminitsi a misonkhano ya madairekitala asungidwe zaka zosachepera 10, ndipo ngakhale kampani ya munthu mmodzi iyenera kukhala ndi zolemba za zisankho zomwe mwiniyo wapanga m'malo mwa msonkhano wa eni masheya. M'mayiko ena zaka zake n'zosiyana, choncho funsani loya kapena akauntanti wa kumene kampani yanu inalembetsedwa.

Kaundula wa eni masheya, satifiketi yolembetsera, malamulo oyendetsera kampani, malipoti a pachaka opita ku ofesi yolembetsa makampani, mapepala a msonkho: izi zikhale pamalo amodzi, ndi kope lina pa kompyuta. Kumbukirani kuti Pepper Source inathetsedwa chifukwa cha msonkho wa pachaka wosalipidwa. Kampani ikafufutidwa m'kaundula inu n'kumapitiriza malonda, m'madera ambiri mumakhala mukuchita malondawo m'dzina lanu.

[Pa sikirini: mapepala awiri osainidwa mosiyana]

Tayang'anani mapepala awiriwa. Pa loyamba pali dzina la munthu basi. Pa lachiwiri pali dzina lonse la kampani, kenako mawu oti "m'malo mwa kampani", dzina la munthuyo ndi udindo wake, dairekitala. Kusiyana kwake ndi mzere umodzi, koma pa pepala loyambalo wina akhoza kuima m'khoti n'kunena kuti iye ankagwirizana ndi inu, za kampani sankazidziwa. Dzina lonse la kampani lizioneka pa makontrakiti, pa mainvoisi, pa makalata ndi pansi pa imelo.

Tsopano chenjezo limene ndikuliika patsogolo pa zonse. Mapepalawa ali ndi mphamvu chifukwa analembedwa pa nthawi yake. Chisamani chikafika, pamabwera chiyeso chokhala pansi usiku umodzi n'kulemba maminitsi a zaka zinayi, kuika masiku akale. Musatero. Mafayilo a pa kompyuta amasunga tsiku lomwe anapangidwa, maimelo amatsutsa, ndipo mboni imasokonezeka ikafunsidwa mafunso. Munthu amene anali ndi vuto la mapepala osakwanira amadzipezera mlandu wachinyengo. Ngati muli ndi mipata m'mabuku anu, njira yoyenera ilipo: lembani lero, ndi tsiku la lero, kuti kampani ikuvomereza zisankho zakutizakuti zomwe zinapangidwa kale. N'chimodzimodzi ndi kusamutsa katundu wa kampani kupita m'dzina la mkazi kapena m'bale mlandu utayandikira. Makhoti ali ndi mphamvu yobweza katundu wotere, ndipo kusamutsako kumasanduka umboni wokutsutsani.

Ndisakusiyeni mukuganiza kuti kuphonya msonkhano umodzi ndiye kuti nyumba yapita. Makhoti sathamangira kugwetsa mpanda. Mu 1966 ku New York kunagamulidwa mlandu wa munthu wina amene anagundidwa ndi takisi. Dandaulo lake linati mwini takisiyo anagawa matakisi ake m'makampani 10, iliyonse matakisi awiri, takisi iliyonse ndi inshuwalansi yotsikitsitsa yomwe lamulo linkalola, madola 10,000. Khoti lalikulu la chigawocho linakana kumufikira mwiniyo pa dandaulo momwe linalembedwera, chifukwa silinanene kuti ankayendetsa malondawo ngati ake a m'thumba. Ine chigamulochi chimandiwawa ndikaganizira wovulalayo, ndipo awiri mwa oweruza anatsutsana nachodi, koma chikusonyeza pamene pagona funso: kodi kampani inkayenda ngati kampani? Ku Britain, khoti lalikulu kwambiri, Supreme Court, mu 2013, pa mlandu wa Prest ndi Petrodel, inachepetsa kwambiri njira imeneyi, n'kuisiyira makamaka munthu amene akugwiritsa ntchito kampani pozemba udindo umene anali nawo kale. Komabe kumeneko dairekitala amafikiridwa kudzera khomo lina. Lamulo la 1986 lokhudza makampani olephera kubweza ngongole limati ngati munapitiriza malonda mukudziwa, kapena muyenera kuti munkadziwa, kuti kampani siipulumuka, khoti likhoza kukulamulani kuthira ndalama zanu. Pamenepo chokuteterani ndi maminitsi osonyeza kuti munkayang'ana mabuku, munafunsa uphungu, ndipo munachitapo kanthu pofuna kuchepetsa kuluza kwa omwe kampani inali nawo ngongole.

Pali malo atatu amene fayilo yokonzedwa bwino chotani siikuthandizani. Mukasaina ku banki kapena kwa mwini nyumba kuti kampani ikalephera mudzalipira ndinu, mwatsegula chipata nokha, ndipo mabanki ambiri amafuna zimenezi kwa makampani ang'onoang'ono, choncho werengani musanasaine ndipo yesani kukambirana kuti pakhale malire a ndalama. Mukavulaza munthu ndi dzanja lanu, monga kugunda munthu mukuyendetsa galimoto ya kampani, wovulalayo akhoza kusumira inuyo mwachindunji. Apa chofunika ndi inshuwalansi yokwanira kukula kwa ngozi za ntchito yanu. Ndipo msonkho umene munadula pa malipiro a antchito osaupereka ku boma, m'mayiko ambiri amadzaufuna kwa madairekitala enieniwo, ngakhale kampani itatsekedwa kale.